Mutu 6: Chimene Njovu Zinkakumba

1. Mpanda wagwa

Tabeth Zulu akakwiya, mudzi wonse wa Kakumbi umadziwa. Loweruka limenelo ngakhale amayi amene anali kumjigo anasiya kupopa n'kutchera khutu.

Anali ataima pakati pa munda wa amayi ake, manja m'chiuno, matope mpaka m'mawondo. Mbali ya kumtsinje chimanga chonse chinali pansi, mapesi othyokathyoka, ndowe za njovu mbwee. Chinatsala ndi cha mbali ya kumsewu basi, theka la munda.

Nanga mpanda? Ha!

Mpanda umenewu sunali wamba ayi. Inali pulojekiti ya gulu lake la kalabu ya sayansi kusukulu. Analipo anayi. Tabeth anali mtsogoleri, Maxwell wa mawaya, Silas wokumba ndi kuzika mitengo. Natasha ankayendera mpandawo akaweruka, ngakhale tisanamizane, ntchito imene Natasha ankaidziwa bwino inali kuyendetsa nkhani. Anazika mitengo kuzungulira munda n'kukoka waya. Njovu ikagunda wayayo, hutala ya njinga yamoto inkayenera kulira, nyale n'kumaphethira. Tsiku loyesa, Silas ndiye anakhala njovu, ndipo hutala inalira mpaka agalu a mudzi wonse anauwa.

Lero mitengo yonse ya kumtsinje inali itazulidwa. Osati kugwetsedwa, kuzulidwa! Pamene panali mtengo panatsala dzenje lokumbidwa ndi minyanga, lalikulu loti mwana n'kubisalamo. Mtengo woyamba kuzulidwa unali umene anamangirirapo batire, choncho hutala sinalire n'komwe.

"Silas!" anakuwa Tabeth. "Bwera uone ntchito ya manja ako!"

Silas anabwera ali wera, chipewa chili m'manja. Maxwell ndi Natasha anaima chapatali ngati anthu ongodutsa.

"Ndinakuuza kuti ukumbe maenje akuya. Ndinakuuza kapena sindinakuuze?"

"Ndinakumba mpaka mkono wonse kulowa."

"Mkono wa ndani? Wa chidole? Kuyambira lero suli m'gulu langa. Pita kwanu ku Katete ukakumbe mbewa!"

Apa pakufunika mudziwe kuti Silas si mwana wa kuchigwa kuno. Anabwera chaka chatha bambo ake atapeza ntchito yophika kuloji ya ku Nkwali. Mawu a Katete aja anamulasa.

2. Amake Tabeth

Amake Tabeth ankatola zitsononkho zimene njovu zinasiya n'kumaponya m'dengu. Anaweramuka pang'onopang'ono, atagwira msana.

"Tseka pakamwa, Tabeth. Ukulalatira mwana wa eni ake m'munda mwa yani?"

"Koma amama, iyeyu..."

"Ndati tseka! Ine ndalima munda uno iwe usanabadwe. Chaka chilichonse chimanga chikayamba kukhwima ndimagona pansanja paja, udzudzu ukundidya, ndikumenya chitini mpaka mikono kuwawa. Chaka chino wabwera iwe ndi mawaya ako. Amama pumulani, amama sayansi yafika. Ine wopusa n'kukagonadi m'nyumba. Taona tsono! Ang'ono ako adya waya? Ufa wa hutala unauona kuti? Njovu si mbuzi, mwana iwe. Ikalawa munda imabweranso, ndipo imaitana ndi abale ake. Ndinakufunsa kuti anzakowo mumakambirana? Unati amama musadandaule, zonse zili m'mutu mwanga. Mutu wakowo lero uli kuti? Safunsa anadya phula. Tamverani nonsenu. Dzuwa likamalowa ndisaone mtengo wanu ngakhale umodzi m'munda mwanga. Chatsalachi ndilonda ndekha monga kale."

Anatola dengu lawo n'kupita kutsogolo. Tabeth anatsala akupuma ngati wathamanga kuchokera ku Mfuwe.

3. Madamu akana mlandu

Nthawi imeneyo ndi pamene Madamu Mbewe, aphunzitsi a sayansi, anafika pa njinga. Uthenga anali ataulandira kale. Wotumiza mukumudziwa, sitimutchula.

"Muli bwanji, Amake Tabeth? Pepani ndi zimene zaonekazi."

"Tili monga mukutioneramu, aphunzitsi," anayankha osaweramuka.

Madamu anayenda m'mbali mwa maenje, akusuzumira ili ndi ilo. Tabeth anali pambuyo pawo, pakamwa posatseka.

"Madamu, muchotseni Silas. Mundipatse Teddy wa Giredi Naini. Ndipo mutiuze chochita msangamsanga, amama akuti tizule zonse."

"Silas walakwa chiyani?"

"Maenje osaya!"

"Mmm. Njovu ikafuna kulowa m'munda imakankha mtengo n'kudutsa. Izi zinaima n'kumakumba, dzenje ndi dzenje, chimanga chili pomwepo. Zinkafuna chiyani pansipa?"

"Kaya! Inu ndinu aphunzitsi, tiuzeni."

"Sindikudziwa."

"Madamu!"

"Sindikudziwadi. Ine ndinakumba nawo? Ndinakoka nawo waya? Tandimverani, ana inu. Ndikakuuzani kuti chitani chakuti, muchita, ndipo chikalephereka mudzati Madamu ndiwo anatinamiza. Ndikachotsa Silas, mtima wako uzizira, Tabeth, koma njovu sizimva kuti Silas wachotsedwa. Zibwera ndithu. Anthu opanga milatho ndi makina, chinthu chikagwa sayamba ndi kufunsa kuti ndani. Amakhala pansi n'kufunsa kuti chachitika n'chiyani, aliyense n'kunena zimene anaona ndi zimene anachita, ngakhale zochititsa manyazi. Amene amayamba ndi kulozana zala amamanganso mlatho womwewo, n'kugwanso pomwepo. Yankho lili mwa inu anayi. Aliyense wafumbata kachidutswa kake. Ntchito yanga ndi kukukhazikani pansi basi."

Anapisa m'chikwama cha Maxwell n'kutulutsa pulayasi yodulira mawaya.

"Pitani pansi pa mtengo wa msikizi uwo. Woyankhula ndi amene wagwira pulayasiyi, enanu makutu okha. Mtsogoleri ayankhula pomaliza."

"Pomaliza? Ine?" Tabeth anaseka chiseko chopanda chimwemwe. "Chimanga cha amama chikutha, ife tizisewera kapatsirane? Ndikonza ndekha!"

Anatembenuka n'kuyamba kupita.

"Njira ndi imeneyo, palibe akukugwira," anatero Madamu osakweza mawu. "Koma upita osadziwa chimene njovu zinkakumba. Ndipo zatsala ndi theka loti zimalize."

Atatero anavula nsapato, anamanga chitenje, n'kupita kukathandiza Amake Tabeth kutola zitsononkho.

Tabeth anafika mpaka panjira. Anayang'ana chimanga cha kumsewu, chobiriwira, ndevu zitayamba kuuma. Anatsonya mokweza kuti aliyense amve. Kenako anabwerera n'kudziponya pamuzu wa msikizi.

"Yambani. Koma mwachangu."

4. Pulayasi izungulira

Natasha ndiye anailanda poyamba. Nanga akanalola wina?

"Ine Lolemba ndinapeza chiswe chitayamba kudya mitengo ya kumtsinje. Lachiwiri pa buleki ndinabwera kudzakuuza, Tabeth. Ukukumbuka? Unali ndi Brenda, mukukamba za uja wa njinga yofiira uja..."

"Zimenezo zikulowa bwanji apa?"

"Pulayasi ili ndi ine, mayi. Ndinati pali vuto. Iwe unati, usandibweretsere mavuto, undibweretsere zokonzakonza. Ndiye ine n'kupita kwa Silas."

Tabeth anatsegula pakamwa. Maxwell analoza pulayasi. Tabeth anatseka.

Silas anailandira ndi manja awiri ngati akulandira mphatso kwa apongozi.

"Kwathu chiswe chikavuta, agogo amathira mchere m'dzenje la mtengo. Chiswe sichifikanso. Ndinatenga mchere wamiyala uja amama amaikira nsomba, ndinafukula pang'ono m'mbali mwa mtengo uliwonse, ndinathira, n'kukwirira."

"Mchere?" Maxwell anadzambatuka. "Mchere, iwe? M'munda? Kuno?"

"Pulayasi!" anakuwa Natasha.

"Pulayasi yake iti! Silas, wayala mphasa n'kuitana alendo, mwana wa amayi! Sunaone njovu zikukumba dothi loyera lija la kudambo? Ukuganiza zimafuna golide? Ndi mchere umenewo! Mvula ya Lachinayi ija yausungunula, izo n'kuununkhiza. Mwana aliyense wa kuno amadziwa zimenezo."

"Ine sindine wa kuno," anatero Silas. Mawu anatuluka okwera, mmene sanayankhulirepo chifikireni. "Mumandikumbutsa tsiku ndi tsiku. Kwathu kulibe njovu, kuli chiswe. Ndipo ndinafunsa! Lachitatu ndinabwera ndi mchere m'pepala, ndinati Tabeth, ndili ndi nzeru ya chiswe. Iye anati chiyani? Anati iwe kumba, zoganiza ndi zanga."



Silas anaponya pulayasi pamiyendo ya Maxwell.

"Iwenso nena. Wodziwa njovu iwe, unali kuti sabata yonse?"

Maxwell anakanda m'mutu.

"Ndinkabwera m'mawa ndekha, ndisanapite kusukulu. Kuona mawaya n'kumapita."

"Chifukwa?"

"Chifukwa munthu wina ananena pamaso pa kalasi yonse kuti mawaya anga ali ngati chisa cha mpheta. Ndinati chabwino, mpheta izigwira yokha ntchito. Ndinaona dothi lofukulidwa m'tsinde mwa mitengo. Ndinadabwa. Koma ndinati si mbali yanga. Ndikanafunsa."

"Inenso ndikanakuuza za mcherewo, Maxwell," anatero Natasha. "Kungoti unkayenda nkhope ili ngati wamwa mankhwala a malungo."

Tsopano pulayasi inafika kwa Tabeth. Anaifinya mpaka zala kuyera. Anamuyang'ana Silas, ndipo aliyense anaona kuti mawu amene anali pamlomo pake sanali a kutchalitchi.

"Ndakwiya," anatero. "Musaganize kuti sindinakwiye. Ndakwiyira iwe Silas ndi mchere wako. Ndakwiyira iwe Maxwell ndi kunyanyala kwako ngati mkwatibwi. Iwe Natasha umauza dziko lonse chilichonse, koma chofunika chokhacho unachisunga. Njovunso ndazikwiyira. Koma mawu ajawo ndinanenadi. Onse atatu. Ine za mchere ndi njovu ndimazidziwa kuyambira ndili wamng'ono. Silas akanangomaliza kuyankhula, ndikanamuletsa pomwepo."

"Ndiye ndili m'gulu kapena ndipite kokumba mbewa?" anafunsa Silas.

"Usandivute. Uli m'gulu." Anayang'ana kumbali. "Za Katete zija ndabweza."

"Chabwino. Tsono mverani zina. Mitengo ya kumsewu nayonso ndinathira. Lachinayi."

"Mayo ine!" anakuwa Tabeth.

Onse anayi anatembenukira ku theka lotsala lija. Mitengo inali chiimire, yowongoka bwino, uliwonse utakhalira mchere wake. Amake Tabeth akanangoizula n'kusiya dothi, njovu zikanabwerabe molunjika.

5. Zochita atola okha

Tabeth anaimirira, chala chili m'mwamba kale.

"Silas tenga khasu, Maxwell iwe..."

Anaima. Anayang'ana pulayasi imene inali m'dzanja lake, n'kuiika pansi pakati pawo.

"Amene ali ndi maganizo atole."

Anakangana, inu! Silas anati dothi lonse la m'maenje lichoke ndipo athiremo lina. Maxwell anati kunsi kwa mitengo akuwaule pamoto n'kupaka oilo wakuda wa galimoto, chiswe sichimukonda. Natasha anati oilo akampempha kwa mlamu wake wa kugalaja. Tabeth anafuna kuti asunthe batire, alichotse pamtengo wa mpanda n'kulipachika pansanja ya amayi ake. Maxwell anati waya sakwana. Tabeth anati akwana. Anakayeza ndi chingwe, ndipo anapezeka wolondola ndi Maxwell. Tabeth anangoti "Hm," koma anavomera kuti alipachike mumsikizi momwemo.

"Chinanso," anatero Silas. "Tsiku lililonse tisanabalalike tizikhala pansi chonchi. Aliyense anene chimene waona ndi chimene wasintha. Munthu asasinthe kanthu yekha."

"Ndipo mtsogoleri pomaliza," anawonjezera Maxwell.

"Ndamva kale! Mufuna ndiimbe nyimbo?"

Madamu atabwera, manja ali matope okhaokha, anamvetsera zonse osadula mawu. Atamva za mchere anagwira pakamwa. Sanayamikire, sanadzudzule. Anangofunsa funso limodzi.

"Dothi lamcherelo mukalitaya kuti?"

Anayang'anana. Palibe anali ataganizako. Anakangananso mpaka anagwirizana zolinyamula pa wilibala n'kukalikhuthulira m'mtsinje pamlatho, madzi apite nalo.

"Chabwino," anatero Madamu. "Koma munda si wanga. Kauzeni eni ake."

Anapita onse anayi. Atsikana anagwada, anyamata ananjuta. Silas anafotokoza za mchere. Amake Tabeth anaika dengu pansi.

"Mchere! Kalanga ine, kuthirira njovu ndiwo!" Anatembenukira kwa mwana wawo. "Ndipo iwe unali kuti?"

"Anabwera kudzandifunsa, amama. Ndinamutseka pakamwa."

Amake Tabeth anagwedeza mutu.

"Lero wanena zoona usanafinyidwe. Tamverani. Mchere umenewo uchoke wonse, ndidzalawa dothi ndi lilime langali. Mitengo yanu ikhale. Koma ine ndibwerera pansanja ndi chitini changa. Hutala yanu ikhale yondidzutsa, osati yondigoneka. Ndipo iwe mnyamata wa ku Katete, kuno ukafuna kuchita kanthu m'munda uzifunsa. Uyu akakutsekanso pakamwa, ubwere kwa ine. Ndili nawo mankhwala ake."

6. Pakamwa pa Natasha

Anagwira ntchito mpaka dzuwa kupendeka. Wilibala inapita kumlatho n'kubwera, kupita n'kubwera. Maxwell anatsuka hutala, analumikiza mawaya, ndipo inalira ngati mbuzi yachimfine, koma inalira. Amake Tabeth anapitadi dzenje ndi dzenje akulawa dothi n'kumalavula. Pomaliza anati, "Apa ndiye dothi lokhalokha," n'kupita kukakonza nsanja yawo.

Asanabalalike anakhala pansi pa msikizi monga anapanganirana. Silas ananena zake. Maxwell ananena zake. Pulayasi itafika kwa Natasha, mtsikanayo anangoitembenuzatembenuza m'manja. Nkhope inali itatuwa.

"Iwe wadwala?" anafunsa Maxwell.

"Tabeth, ulonjeze kuti sukuwa."

"Nena."

"Abusa atsopano aja, a Hosea, amene anabwera kuchokera ku Ndola mwezi watha. Lachinayi ndinawapeza akudandaula kuti chiswe chikudya mizati ya msasa umene amanga kuseri kwa tchalitchi. Ndiye ine ndinangoti, abusa, ife a sayansi tili ndi njira yake."

"Natasha!"

"Anasangalala kwambiri! Anagula thumba lonse la mchere."

Maxwell anaimirira pang'onopang'ono.

"Kuseri kwa tchalitchi ndi kumene kumadutsa njira ya njovu yopita kumtsinje. Msasawo ndi wa chiyani?"

"Wa alendo," anayankha Natasha ndi mawu aang'ono. "A kwaya ya ku Nsefu. Afika madzulo ano, pa seventini awazi. Agona momwemo lero."

Onse atatu anayang'ana Tabeth. Mitsempha ya m'khosi mwake inali itatupa, ndipo agalu a ku Kakumbi anatsala pang'ono kumvanso mawu ake. Koma anatenga pulayasi m'manja mwa Natasha n'kuiika pansi.

"Natasha, tidzakukuwira mawa, tonse atatu. Pano, ndani ali ndi maganizo?"

"Makasu ndi wilibala," anatero Silas, atagwira kale njinga ya Madamu. "Madamu, tibwerekeni!"

Kumsewu kunamveka lole ikubwera, yodzaza ndi amayi ovala zoyera, akuimba mokweza ndi kuwomba m'manja. Inadutsa munda wa Amake Tabeth n'kukhotera njira ya kutchalitchi.